Matumba amene amayi anabisa aja amafika mpaka ku Lilongwe

Mchemwali wina wa ku Namwera wandilembera imelo: "Alangizi anabwera kudzayeza munda wa amayi n'kuwafunsa zimene anakolola. Amayi anati matumba atatu pomwe anapeza asanu ndi awiri, poopa kuchotsedwa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Nanga ziwerengero za zokolola zimene timamva pa wailesi zija n'zoona?"

Achemwali, amayi sindikuwadzudzula. Munthu amene anagonapo ndi njala salengeza za m'nkhokwe mwake kwa aliyense wobwera ndi kope. Koma yankho lawolo silinathere pakhonde paja.

Unduna wa Zamalimidwe uli ndi kafukufuku wotchedwa APES, amene amachitika katatu pa chaka: mbewu zikadali zazing'ono, zikamakhwima, ndiponso anthu atakolola. Mlangizi amasankha mabanja angapo m'dera lake, kuyeza minda yawo, n'kupereka zimene wapeza ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo, yotchedwa EPA. Kuchoka apo zimapita ku ofesi ya zaulimi pa boma la Mangochi, kenako ku Machinga ADD, ofesi yoyang'anira zaulimi m'maboma angapo, mpaka ku likulu ku Lilongwe. Banja limodzi limaimira mabanja ambiri amene sanafunsidwe, choncho matumba anayi obisidwa aja amachulukitsidwa m'njira monsemo.

Ine chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene mlangiziyo amagwirira ntchito. Ndinaperekezapo wina nthawi ya dzinja cha kumapiri a kwanuko. Njinga yamoto inalibe mafuta, tinayenda wapansi m'matope, mafomu atawakulunga m'jumbo. Sikelo analibe. Mwini munda anati "ekala imodzi", koma titaponda malire ake sunafike n'komwe, ndipo m'mizere momwemo munali chimanga, nandolo ndi mtedza. Zokolola anaziwerenga m'ngolo ndi m'ndowa, pomwe fomu ikufuna makilogalamu. Mlangizi wotopa amangolemba zongoganizira, ndipo pofika ku Lilongwe nambala ija imaoneka yoyera ngati yochokera pa sikelo.

Kulakwitsaku kumapha. Pa njala ya 2001/02 ziwerengero za chinangwa ndi mbatata zinakokomezedwa, akuluakulu n'kumaganiza kuti anthu adya zimenezo chimanga chikasowa, thandizo n'kuchedwa. Chinangwa n'chovuta kuwerenga chifukwa chili pansi, ndipo chimakumbidwa pang'onopang'ono. Lero lino komiti ya MVAC, imene imawerengera mabanja ofunika thandizo la chakudya, imadaliranso ziwerengero za zokolola zomwezi.

Anthu akamanena zolimbikitsa boma pa nkhani ya ziwerengero amathamangira makompyuta ndi misonkhano m'mahotela a m'mbali mwa nyanja kuno. Zimenezo zili ndi malo ake, ndipo ofesi ya boma ya ziwerengero ya NSO ku Zomba ikufunikadi akatswiri osanthula. Koma kalembera wa minda ndi ziweto wotchedwa NACAL anachitika kalekale mu 2006/07, pomwe kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti Mangochi yokha yadutsa anthu 1.1 miliyoni. Minda yagawidwagawidwa kwa ana ndi adzukulu. Choncho ndalama ziyambe zafika kwa mlangizi: GPS yoyezera munda, sikelo, mafuta, ndi womuyendera kudzaona ngati anafikadi m'mundamo.

Ndipo wowerenga zokolola asamakhale yemweyo wolemba maina a olandira feteleza. Bola ngati kope lili limodzi, amayi anu adzanenabe kuti atatu. Alangizi akadzabweranso, muwauze amayi afunse kaye kuti ulendowo ndi wa kafukufuku kapena wa mndandanda.