Funsani Malume: Mwana wanga wabwera ndi filosofi, kodi wataya Mulungu?

Malume, ine ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Namwera. Mwana wanga woyamba ali ku Chanco ndipo akuphunzira filosofi, chibwerereni ku holide angofunsa mafunso osatha, akuti ngati Mulungu ndi wabwino nanga kolera uja anapheranji ana osalakwa kuno ku Mangochi. Abusa athu akuti ndimuletse kosiyo chifukwa pa Akolose 2:8 Paulo anakaniza. Nditani ine? — Mayi wodandaula, Namwera

Mayi, pepani, koma musathamangire kumuletsa sukulu, fizi mwalipira kale eti.

Vesi la abusalo lilipodi, Paulo akuchenjeza kuti wina asatikole ndi nzeru zachinyengo. Mawu akuti filosofi ndi achigiriki, amangotanthauza kukonda nzeru basi. Koma Paulo yemweyo pa Machitidwe 17 anaima ku Areopagi mumzinda wa Athens nkumakambirana ndi Aepikureya ndi Astoiki, magulu a afilosofa achigiriki, mpaka kutchula zimene alakatuli awo analemba, ndiye munthu wotere sitinganene kuti ankathawa mabuku a anthu oganiza. Mkangano umenewu ndi wakale mayi. Cha m'ma 200 Tertullian, wolemba wachikhristu wa ku Carthage, ankafunsa kuti Athens ndi Yerusalemu, kutanthauza filosofi ndi chikhulupiriro, zikugwirizana pati, maganizo a abusa anu enieni, pomwe Justin Martyr anakhala Mkhristu osavula mkanjo wake wa ufilosofa mpaka anamuphera chikhulupiriro ku Rome cha m'ma 165.

Koma amene ndikufuna mumudziwe bwino ndi Augustine, yemwe tchalitchi chachikulu cha Akatolika pa boma pa Mangochi chimatchedwa dzina lake. Ndi wa mu Africa muno, anabadwa mu 354 ku Thagaste, lero ndi Algeria. Mayi ake a Monica anali opemphera ngati inuyo, mnyamata anapita kusukulu ku Carthage nkubwerako atasiya za mayi akezo, analowa gulu lachipembedzo china la Amanikeo zaka pafupifupi 9, ndipo chimodzi chomwe chinkamuzunguza mutu ndi funso la mwana wanu lomweli, zoipa zimachokera kuti. Chodabwitsa nchakuti mabuku a otsatira Plato, filosofa wachigiriki, ndi amene anamuthandiza kutulukamo, pamodzi ndi maulaliki a bishopu Ambrose ku Milan, nkubatizidwa mu 387, kenako bishopu wa Hippo mpaka imfa yake mu 430.

Yankho lake linali lakuti choipa si chinthu chomwe Mulungu anachilenga, ndi kusowa kwa chabwino. Taganizani ukonde wa asodzi ku Makawa, bowo lomwe chambo chathawirapo palibe analiluka, ndi malo pomwe ulusi waduka. Kunena zoona ine yankho limeneli limandikwanira pa nkhani ya wakuba ndi wachigololo, koma pa mwana womwalira ndi kolera limandisiya ndi njala, ndipo sindikunamizani kuti nkhaniyi inatha. Ngakhale Yobu anafunsa mpaka anzake anatopa naye.

China choti mwana wanu akachione, poti kwanuko mumakhala ndi anzathu achisilamu khomo ndi khomo: Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Chikatolika amene anamwalira mu 1274, powerenga mabuku a filosofa wachigiriki Aristotle ankadalira kwambiri ndemanga za Ibn Rushd, Msilamu wa ku Cordoba, pena kumuvomereza pena kumutsutsa. Ndipo mpaka lero ofuna unsembe wa Chikatolika amayamba kaye ndi zaka za filosofi asanafike pa fiyoloje, maphunziro a za Mulungu.

Chomwe ndingaope ine ndi mwana wongobwera ndi mayina akuluakulu kudzanyozera makolo, ameneyo ndi matama chabe ndipo mumudzudzule. Koma wofunsa za ana akufa ndi kolera mtima ulipo. Madzulo ano mukamasenda chinangwa muitaneni akhale pamkeka, mumufunse kuti Augustine anati chiyani za zoipa ndipo iyeyo akuona kuti analakwitsa pati. Akakanika kuyankha mumuuze akawerenge kaye, mudzandilembere zomwe adzanene.