Kwa alangizi atsopano a ku Dómuè, ku Mozambique: mayina a pa BI (chitupa cha unzika) ndi mayina a pamudzi

Alangizi, mwati ku ofesi ku Ulónguè anakupatsani mndandanda wa alimi, koma mukamaitana mayina pamsonkhano ambiri sayankha ngakhale ali pomwepo, ndipo mukafunsa nyumba ya munthu amakuuzani kuti dzina limenelo kuno kulibe. Mwafunsanso ngati nkoyenera kuti muyambe kuwaitana ndi mayina omwe amaitanirana okha. Yankho langa ndi ili: mayina a pamudziwo alembeni, chifukwa popanda iwo munthu simumupeza, koma musathamangire kuwatchula pakamwa musanadziwe kuti dzinalo anapereka ndani ndipo amaloledwa kulitchula ndani.

Anthuwo sakukunamizani. Munthu wamkulu wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amakhala ndi mayina anayi kapena asanu. Pali la ubwana lomwe anamupatsa atatuluka m'chikuta, pali lomwe anatenga kuchinamwali kapena kudambwe, la ubatizo ngati anapita kutchalitchi, chiwongo chake, ndiyeno la mwana wake woyamba, monga amake Tadala kapena abambo a Tadala. La pa BI nthawi zambiri ndi la ubatizo kuphatikiza dzina loyamba la bambo ake, ndiye mayi amene mudzi wonse umamudziwa kuti Nambewe angakhale Joaquina António papepala, dzina lomwe amalimva kuchipatala ndi pachisankho basi. Onjezerani kalembedwe ka Chipwitikizi: Mwale amasanduka Muale, Kamwendo nkukhala Camuendo. Ena anakulira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, nabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992 ali ndi mayina a kusukulu za ku Malawi; amene anzake amamuti Jemusi, pakhadi ndi Jaime.

Tsono gulani kope lalikulu, tsamba lililonse mulidule mizere isanu ndi umodzi: dzina la pa BI ndendende mmene lalembedwera ndi nambala yake, chiwongo, dzina la mwana lomwe amaitanidwira, dzina lomwe amadziwika nalo pamudzi, mudzi ndi mfumu yake, ndi dzina la mwini wa nambala ya foni. Mzere wachinayiwo muzilemba ndi pensulo.

Osafunsa mayinawa pagulu. Yambani mwakaonekera kwa mfumu ndi kwa secretário (mlembi wa mudzi), kenako mukhale pansi ndi chefe de dez casas (woyang'anira nyumba khumi) mmodzimmodzi, nyumba khumi panthawi imodzi. Pambuyo pake mubwereze ndi mayi wachikulire wa m'nyumba zomwezo, payekha, chifukwa abambo mayina a akazi a anzawo sawadziwa bwino. Funso lake lisakhale lakuti "dzina lake ndani". Nenani kuti "ndikafika pamjigo ndifunse kuti chiyani kuti andilozere nyumba yawo?" Kenako mufunsenso kuti "nanga eni ake akamva amayankha?" Funso lachiwirili ndilo lofunika kwambiri. Mukaona woyankhayo waseka nkuyang'ana kumbali, dziwani kuti dzinalo ndi la kumbuyo, mwini wake mwina salidziwa nkomwe.

Samalaninso munthu yemwe mukumufunsa. Mkamwini sangakutchulireni dzina la apongozi ake, azingozungulira mpaka mutope. Amayi achikulire ambiri satchula dzina la amuna awo, amangoti "abambo akunyumba" kapena chiwongo. Ana ndiwo amatchula chilichonse mosaopa, ndipo apa ndi pomwe alendo ambiri amagwera m'mbuna: mwana akupatsani dzina lomwe amamva makolo ake akunong'onezana usiku, inu nkukalitchula pamsonkhano.

Mayina opatsidwawa sali ofanana kulemera kwake. Alipo a ntchito kapena katundu: a Chigayo, a Ngolo, a Kachewere amene amagula mbatata kupita nayo ku Tete, a Mestre omanga nyumba. Amenewa eni ake amawanyadira, atchuleni bola mutsogoze "a". Alipo a kumene munthu anakagwira ntchito, a Joni, a Halale, a Beira. Nawonso alibe vuto. Alipo ochokera pa mawu omwe munthu amakonda kunena, a Zilibekanthu, a Tionanamawa. Awa dikirani mumve mnzake wa msinkhu wake akumuitana choncho iye nkuyankha mosangalala, kawiri kapena katatu, ndipo ngakhale pamenepo, ngati ndi wamkulu kwa inu, khalani pa chiwongo. Ndiye pali a maonekedwe, Kafupi, Chimutu ndi ena otero. Msuweni wake akhoza kumuitana choncho pakati pa msika onse nkuseka, chifukwa chisuweni chimalola. Inu sindinu msuweni wake. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa mlangizi wa boma kapena wa kampani ya fodya amasanduka chipongwe, ndipo munthuyo sangakudzudzuleni, angosiya kubwera kumisonkhano.

Alipo ena omwe ngakhale m'kope asalowemo: onena za kusabereka, za matenda, za kuba, za mowa, makamaka onena za ufiti. Kope limayenda, limasiyidwa pa mpando, mwana wa sukulu amaliwerenga. Dzina lotere likaoneka lolembedwa ndi dzanja lanu, mlandu ukafika kwa mfumu ndi wanu, osati wa amene anakuuzani. Ngati munthu alibe dzina lina lomupezera, lembani malo: nyumba ya malata kuseri kwa chigayo, kapena mkamwini wa kwa Nankhoma.

Nkhani ya dzina la ubwana ndiimepo pang'ono, chifukwa anthu ochokera kutali saiganizira. M'midzi yomwe gule wamkulu ndi chinamwali zili zolimba, munthu akavinidwa dzina la ubwana amalisiya, ndipo kumuitana nalo kuli ngati kumuuza kuti sanakule. Tsoka lake ndi lakuti amene analembetsedwa ali khanda, dzina la pa cédula (chitupa cha kubadwa) ndi lomwelo losiyidwalo, ndipo ndi lomwe linapita pa BI. Choncho mdala wina akakhala chete inu mutaitana dzina lake, sikuti sanamve. Wamva bwinobwino, koma sangadzuke pamaso pa adzukulu ake ndi akamwini ake kuyankha dzina limenelo. Musakakamize, ndipo musafunse kuti dzina latsopanolo analitenga bwanji. Za kudambwe sizifotokozedwa kwa munthu wosalowa.

Pamsonkhano chitani chonchi: itanani chiwongo ndi dzina la mwana, "a Phiri, abambo a Chikondi", "Nabanda, amake Feliya". Chiwongo chokha sichikwana, pakuti m'kalabu ya anthu 30 a Phiri angadzuke angapo nthawi imodzi. Munthuyo akafika patebulo, muonetseni ndi chala dzina la papepala kapena mulitchule motsitsa mawu, atsimikize, asayine kapena adinde chala. Pa dzina la mwanali fufuzaninso ngati mwanayo ali moyo. Mabanja ena amapitiriza kuitanira dzina la mwana womwalira, ena amasinthira kwa wotsatira, ndipo mlendo sayenera kukhala woyamba kudzutsa chilonda. Bambo wa mitala amakhala ndi mayina awiri otere, kwa mkazi wamkulu lina, kwa wamng'ono lina, makamaka ngati akaziwo ali midzi yosiyana. Mukapanda kuona nambala ya BI mumulemba kawiri, alandire feteleza wa anthu awiri, ngongole nkudzasokonekera pogulitsa.

Mzere wa foni uja musaunyoze. Alimi ambiri nambala yawo inalembetsedwa pa BI ya mwana kapena ya mphwawo, ndiye mukamatumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola dzina lotuluka silifanana ndi la mndandanda wanu ngakhale ndi la pamudzi. Ena akaona choncho amaleka kutumiza, ena amatumiza mwachimbulimbuli. Njira yabwino ndi kuyesa nambala iliyonse mwini wake ali pomwepo, ndi kandalama kochepa monga 20 meticais, uthenga ulowe mukuona, dzina lotulukalo mulilembe.

Pa mapepala a ngongole, makontrakiti a fodya ndi malisiti, dzina la pamudzi lisalowe m'malo mwa la pa BI ngakhale mlimi atakuchondererani kuti ndi lomwe amalikonda. Tsiku lolandira ndalama wolipira amayang'ana khadi, sayang'ana kuti mudzi wonse ukuvomereza. Ngati pa BI pali cholakwika chenicheni, mutumizeni ku maofesi a boma olemba za kubadwa ndi opereka ma BI akakonze, inu musakonze ndi cholembera.

Kopelo muziliunikanso chaka chilichonse mvula isanayambe, chifukwa mayinawa amayenda. Mtsikana amene chaka chatha ankaitanidwa dzina lake chaka chino ndi amake uje. A Ngolo akagulitsa ng'ombe nkugula njinga yamoto, pakatha miyezi yochepa ndi a Mota. Mfumu ikamwalira, wolowa ufumu amalowanso dzina, la kale lija anthu amaleka kulitchula ngakhale pa BI likadalipo. Fufutani la pensulo, mulembe la ufumulo, ndipo kuyambira tsiku limenelo muzimuitana nalo.