Mankhwala a mtima sabwerekana ngati mchere

Adzukulu, mwalemba kuti mayi anu akumwa amiodarone chifukwa mtima wawo unkagunda mosokonekera. Tsopano atsegula m'mimba, ndipo azakhali anu abwera ndi mapiritsi otsala kwawo. Mukuopa kuti kukana n'kunyoza akulu. Gwadani, landirani ndi manja awiri, thokozani, koma musawamwetse mayi anu mapiritsiwo adokotala asanawaone.

Chifukwa chake chili m'kati mwa mtima. Kugunda kulikonse kumayamba ndi timagetsi. Mchere wa m'thupi wotchedwa sodiyamu umalowa m'maselo a mtima, wina wotchedwa kashiamu n'kutsatira, mnofu n'kufinya. Kenako potaziyamu, mchere winanso, amatuluka kudzera pa timakomo take, maselo n'kubwerera mwakale kudikira kugunda kwina. Amiodarone ndi mankhwala ena a mtima otchedwa sotalol amatseka tina mwa timakomo timeneti, makamaka kotchedwa hERG. Maselo amachedwa kubwerera, ndiye magetsi osochera akafika amawapeza asanakonzeke, n'kuzimira pomwepo. Umo ndi mmene mankhwalawa amathandizira.

Kuchedwako kukapyola muyezo ndi pomwe pali ngozi. Pa pepala la ECG, losonyeza magetsi a mtima, amayeza kuchedwako pa mpata wotchedwa QT, ndipo ukadutsa ma millisecond 500 (theka la sekondi) adokotala amada nkhawa, poti mtima ukhoza kulowa mu kugunda koopsa kotchedwa torsades de pointes. Munthu amachita chizungulire, amakomoka mwadzidzidzi, mwina osadzukanso. Sotalol ndiye amachita zimenezi kawirikawiri kuposa amiodarone, makamaka impso zikafooka, poti amatuluka ndi mkodzo.

Nkhani ya kutsegula m'mimbayo musaitenge mopepuka. Potaziyamu m'magazi amafunika akhale pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol pa lita. Kutsegula m'mimba, kusanza, ndi mapiritsi okodzetsa monga furosemide zimamutsitsa pamodzi ndi magineziyamu. Akachepa, timakomo tija timagwira ntchito mofooka, mankhwala aja n'kumatseka khomo lomwe latsekeka kale. Sungunulani paketi ya ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa, mayi anu azimwa pang'onopang'ono, ndipo pitani nawo kuchipatala lero lomwe akawayeze magazi. Nthochi zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa kuyezetsa.

Mapiritsi a azakhaliwo akhoza kukhala erythromycin, ciprofloxacin, fluconazole kapena kwinini. Onsewa amatalikitsa QT. Ngakhale LA wa malungo, amene timamudalira, sayenera kuphatikizidwa ndi amiodarone popanda adokotala kudziwa. N'chifukwa chake buku la kuchipatala muzilinyamula ulendo uliwonse, pamodzi ndi mapaketi onse m'kajumbo, osaiwala mankhwala azitsamba.

Musawasiyitse amiodarone mwa inu nokha poganiza kuti mukuwapulumutsa. Akakomoka kapena akanena kuti mtima ukuthamanga, pezani galimoto nthawi yomweyo, musadikire kuche. Tsiku lina adokotala akadzawasiyitsa, muzikumbukira kuti amiodarone amakhalabe m'thupi miyezi ingapo, choncho aliyense wowalembera mankhwala atsopano muzimuuza mwezi umene anasiyira.