Pitani nokha kwa asisteri, musatume munthu

Amayi inu amene fizi ya mwana wanu yaima ndipo a komiti ya kutchalitchi yoona za ana olipiriridwa fizi akungokuuzani kuti "ma donor asiya," ndawerenga uthenga wanu manja akunjenjemera. Mawu omwewo ndi amene ndinauzidwa ine mu Januwale 2024. Mwina kwa inu ndi zoona, koma kamvereni pakamwa pa asisteri eni ake.

Ine ndimalera mwana wa malemu mkulu wanga. Tinamutenga ku Ntcheu maliro atatha, kudzakhala nafe kuno ku Chibavi, mu Mzuzu, ali Sitandade 6. Atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, ine wogulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Zigwagwa ndikanaitenga kuti ndalamayo? A kumphakati kwathu ndiwo anapereka dzina lake, sisteri wina wachikulire, mzungu, nkumulemba pa mndandanda wa ana olipiriridwa. Fomu 1 ndi Fomu 2 zinayenda bwinobwino, fizi, yunifolomu, mpaka sopo ndi mafuta odzola. Kwa ife ankangofuna lipoti la kusukulu teremu iliyonse, kalata yolemba mwanayo ndi dzanja lake, ndi chithunzi chimodzi pachaka. Zonsezi tinkapereka kwa bambo wina wa komiti amene ankasonkhanitsa za ana onse nkukasiya ku ofesi. Kenako sisteri uja anadwala nabwerera kwawo. Anabwera wina wachitsikana, Mmalawi, wosadziwa nkhope ya mwana ndi mmodzi yemwe. Mndandanda unatsala m'manja mwa bambo uja.

Tsikulo linali Lachinayi, mvula ya Mzuzu yosakata ija. Foni inalira, nambala yachilendo. "Amayi, ndili pa depoti." Ndinasiyira mnzanga benchi, ndinakwera sacramento, njinga ya kabaza, osafunsa ndi mtengo womwe. Ndinamupeza atakhala pa sutikesi, matiresi atawakulunga ndi mphira koma atanyoweratu, ndowa ili pambali, m'ndowamo makope atawavindikira ndi jumbo. Nsapato zili matope okhaokha. Akuti maina anawawerenga pa asembule, sukulu yonse ikumva, kuti amene ali ndi ngongole ya materemu awiri alongedze. Materemu awiri! Ine osadziwa kanthu. Ya basi anachita kumusonkhera anzake a mu hositelo. Sanadye chichokereni m'mawa. Sanalire ayi, anangondiyang'ana nkundifunsa kuti, "Amayi, mumadziwa koma simunandiuze?" Mpaka lero funso limeneli limandibaya.

Madzulo omwewo ndinapita kwa bambo uja. Ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi, ngakhale mpando sanandipatse. Akuti kwacha yagwa, ndalama yachepa, ma donor asiya, ana ambiri achotsedwa. Nkuwonjezera kuti, "Inunso muzilimbikira mayi, mpingo si boma." Ndinabwerako ndikudziimba mlandu kuti mwina ndine wozolowera zaulere. Ndinakatenga katapila kuti ndichepetseko ngongole ya kusukulu, koma sinakwane ndi theka lomwe. Masabata atatu mwana ali pakhomo, akundithandiza kusankha tomato woola.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina mphunzitsi wa mu banki mkhonde yathu. Anati, mayi, kwacha inagwadi ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zakwera, fizinso yakwera, koma wotumiza ndalama yakunja ikasinthidwa pano imatuluka makwacha ochuluka kuposa kale. Ndiye kugwa kwa kwacha pakokha kungachotsetse mwana pa mndandanda bwanji? Pitani mukafunse.

Tinapita awiri, ine ndi mwana. Sisteri anatilandira bwino, natsegula fayilo. Anayang'ana pepala, nayang'ana mwana, nayang'ananso pepala. Kenako anandilozera. Pambali pa dzina la mwana wanga panalembedwa ndi bolopeni yofiira kuti anatenga mimba, anasiya sukulu. Pansi pake dzina lina, ndipo dzina la bambo ake ndi lomwelo la kuchimuna kwa mlongo wa bambo wa komiti uja. Mwana wanga anawerenga yekha. Anagwira juzi yake nkuikokera pansi, nkuphimba mimba ndi manja onse awiri ngati ali ndi chobisa. Mtsikana wa zaka 16, wamasiye, wosadziwa ndi chibwenzi chomwe. Ine ndinakuwa, anzanga. Ndinakuwa mpaka alonda ndi amayi ophika anabwera pazenera. Ndinati muitaneni abwere anene pamaso panga kuti mimbayo anaiona kuti.

Munthu ameneyu timadya naye Ukalistia guwa limodzi. Pamaliro ndi iye wotsogolera mapemphero. Akanangoba ndalama ndikanati ndi umphawi, tonse tikuvutika. Koma kuipitsa mbiri ya mwana wamasiye kuti wachibale wako alowe? Sanaganize kuti nkhani ya mimba ikanamveka ku Chibavi mwanayu akanayenda bwanji pamsewu? Sanapepese mpaka lero. Anangomuchotsa mu komiti mwakachetechete, Lamulungu lililonse amakhalabe kutsogolo ndi jekete yake. Ndikamuona ndimasintha mzere.

Chimene chinandiliza kuposa zonse ndi kalata imene sisteri anatulutsa mu fayilomo. Wolipirira mwana wanga sanali bungwe lalikulu ayi. Anali gogo wina wa ku Ireland, wopuma pantchito, amene ankapatula pang'ono pa penshoni yake mwezi ndi mwezi. Atauzidwa bodza lija analemba kuti akupempherera mtsikanayo pamodzi ndi khanda, ndipo ngati angafune kubwerera kusukulu akabereka, iye alipo. Kalatayo sinatifike, inangokhala mu fayilo.

Ambirife timaganiza kuti ku mishoni kuli chitsime cha ndalama chifukwa timaona galimoto ndi nyumba za malata abwino. Si choncho. Zambiri ndi za anthu wamba ngati gogo ameneyu. Wansembe kapena sisteri akapita kutchuthi kwawo amayenda m'maparishi kupempha. Ku Ireland nthawi ya Lenti mabanja amaponya makobidi m'timabokosi ta Trócaire, bungwe la Katolika lothandiza osauka, ku Germany Akatolika amasonkhera bungwe lotero la Misereor. Ubale wa Mzuzu ndi Ireland ndi wakale, Ambuye Episkopi John Ryan amene anatenga dayosizi mu 2016 ndi a komweko, a chipani cha ansembe cha St Patrick, ndipo abale a St John of God amene amasamala odwala matenda a maganizo kuno anachokeranso komweko. Phala la Mary's Meals lija linayambira kuno ku Malawi mu 2002, ndi ndalama za anthu wamba a ku Scotland. Ndipo ndalama iliyonse imabwera ndi ntchito yake. A CADECOM, bungwe la chitukuko la mpingo wa Katolika, akapempha ya mjigo, ndi ya mjigo, sangaisandutse fizi ngakhale mutagwada. Ya fizi imafuna lisiti, lipoti ndi kalata ya mwana. Zimenezi zikapanda kupita kunjako, wothandiza amaona ngati mwana kulibe, ndipo amasiya kapena amapatsidwa wina. Wogwira mapepala ndiye wagwira tsogolo la mwana, ine ndinazindikira mochedwa.

Komanso kusiya kwenikweni kulipo, ndisakunamizeni. Agogo otere amamwalira, ana awo sapitiriza. Matchalitchi a kunjako anthu akuchepa. Munaonanso mu Januwale 2025 America itaimitsa thandizo la USAID mmene ntchito zambiri za umoyo zinagwedezekera. Ndiye mukhoza kupita nkukamva kuti ndalama yathadi. Koma sisteri akakuuzani choncho amakuuzaninso ngati pali khomo lina, kapena amalembera sukulu kuti mwana asathamangitsidwe pakati pa teremu.

Wanga anabwezeredwa pa mndandanda teremu yachitatu, koma anali atatsalira kwambiri, anabwereza Fomu 3. Katapila uja ndinamaliza patatha miyezi isanu, mpamba wa tomato unatheratu.

Tsono mukapita, pitani mwaulemu. Musakuwe ngati ine, musatchule munthu kuti ndi wakuba musanaone pepala. Ndipo musadane ndi a komiti, ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, amayenda wapansi m'matope a Mchengautuwa ndi Zolozolo kufufuza ana, popanda iwo wanga sakanalembedwa nkomwe. Asisteri sangadziwe nyumba iliyonse, amadalira iwowo. Koma mapepala musawapatsenso. Lipoti lililonse chitani fotokope, kasiyeni nokha ku ofesi, wolandirayo asaine pa kope lanu ndi deti. Teremu ikatsegulidwa imbirani a bursar kusukulu mufunse ngati fizi yalowa, musadikire mwana pa depoti. Musadalirenso azungu okha, lowani banki mkhonde muziponyako kangachepe, olo ya teremu imodzi izikhala pambali. Ine pa Lamulungu la Mishoni mu Okutobala ndimaponya yanga m'mbale tsopano, chifukwa cha gogo uja.

Mawa lomwe lino Misa ya m'mawa ikangotha muwapeza asanatuluke. Tengani malipoti onse, kalata imene sukulu inamupatsa, ndi mwanayo ali mu yunifolomu. Mupemphe kuti akutsegulireni fayilo muone nokha chimene chalembedwa pambali pa dzina lake.