Okosijeni sanayambire ku mitengo, achimwene

Kalata yanu yandikumbutsa chilonda chakale. Mwafunsa kuti okosijeni anachokera kuti pamene padziko panalibe mtengo ngakhale umodzi. Funso lomweli ndinafunsa ndili ku sekondale. Aphunzitsi atanena kuti mpweya timapumawu umachokera ku mitengo, ndinakweza mkono: nanga mtengo woyambawo unkapuma chiyani? Kalasi yonse inafa nacho chiseko, aphunzitsi n'kundiuza kuti ndisiye makani. Ndinakhala pansi, koma mumtima sindinagonje, ndipo mpaka lero ndimati anandilakwira.

Mitengo ndi alendo a dzulodzuloli, inabwera zaka zosakwana 400 miliyoni zapitazo. Ntchito yeniyeni inagwiridwa ndi tizilombo ta m'madzi tosaoneka ndi maso, ma cyanobacteria. Tinkagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa kuswa madzi, ndipo okosijeni kwa ito anali zinyalala chabe. Tangoganizani, moyo wathu wonsewu watsamira pa zotaya za mabakiteriya! Ena mwa mabakiteriyawa akumangabe timiulu ta miyala ku Shark Bay, ku Australia. Ndikadzapeza ndalama ndidzapitako, anthu aziti ndapenga.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti okosijeniyo sanafulumire kukwera kumwamba. M'nyanja munali chitsulo chosungunuka chochuluka, ndipo chinkamumeza, n'kuchita dzimbiri, n'kumira pansi. Dzimbiri limenelo ndi miyala ya mizeremizere yofiira ya ku Hamersley, ku Australia, ndi ku Transvaal, ku South Africa. Chitsulo chambiri chimene anthu amakumba lero chimachokera m'miyala yotereyi. Mipweya ya m'mapiri ophulika nayonso inkadya gawo lake.

Ndiye yankho lanu

Zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo okosijeni anaposa zomumezazo n'kuyamba kuunjikana mumlengalenga. Umboni wamphamvu anaupeza wasayansi James Farquhar ndi anzake mu 2000, poyeza sulfure wa m'miyala yakale. Asayansi ambiri amaona kuti okosijeniyo anawononga mpweya wa methane umene unkafunditsa dziko, ndipo madzi oundana anakuta malo aakulu. Musaganize kuti pompo anafika pa 21 peresenti ya mpweya wonse ngati leromu, ayi. Anakhala wochepa kwa zaka zoposa biliyoni, n'kudzakweranso pakati pa zaka 800 ndi 540 miliyoni zapitazo, nthawi imene nyama zoyamba zinkaonekera m'nyanja.