Yambani ndi manja anu, Raspberry Pi idikire kaye

Achimwene, mwati mwatopa kuima pa siteji kumbuyo kwa laputopu n'kungodina batani kuti nyimbo yomwe munakonza mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio iziyenda yokha, anthu osadziwa n'komwe chimene mukuchita. Mukufuna chida chanuchanu choti muziimba nacho anthu akuona, ndiye mukufunsa ngati mugule Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono ka pa bolodi imodzi, kapena musunge madola mpaka mudzaitanitse chopangidwa kale kuchokera ku Johannesburg. Ine ndikuti zonse ziwirizo zidikire kaye. Laputopu muli nayo, ndipo mwanena nokha kuti mumaomba ng'oma kutchalitchi ku Highfield ku Harare komanso mbira mumaidziwako. Manja amenewo ndiwo poyambira.

Musanagule ngakhale waya mmodzi, sankhani nyimbo yanu imodzi. Iyimbeni pakamwa uku mukumenya tebulo, muone chimene manja akufuna kuchita: pomwe akufuna kumenya, pomwe akufuna kuchotsa bass kuti mawu atsale okha, pomwe akufuna kubweza zonse pamodzi anthu adumphe. Lembani zimenezo papepala. Mupeza kuti n'zochepa, mwina malo anayi omenya, mabatani atatu, ndi zopotokola ziwiri. Chida chanu choyamba n'chimenecho. Anyamata ambiri amayamba ndi kujambula bokosi la mabatani makumi anayi, likatha n'kupeza kuti zala zawo sizidziwa koti zipite nyimbo ikafika pakati.

Ntchitoyi ili pawiri. Pali bokosi lomwe limamva zimene manja achita n'kutumiza uthenga, ndipo pali pulogalamu ya mu laputopu yomwe imalandira uthengawo n'kutulutsa mawu. Pakati pake pamayenda MIDI, yomwe inatuluka mu 1983 makampani ngati Roland ndi Sequential Circuits atagwirizana kuti zida zawo zizimvana. MIDI sinyamula mawu ayi. Imangonena kuti pakuti pamenyedwa, mwamphamvu chonchi, ndipo mphamvuyo imawerengedwa kuyambira 0 mpaka 127. FL Studio yanu imaimva kale.

Pa bokosilo gulani Arduino, kabolodi kamagetsi komwe mumakalembera pulogalamu, koma muone bwino mtundu wake. Yotchuka kwambiri ndi Uno, ndipo ndi imene ogulitsa amayamba kukuonetsani, koma mukailumikiza ku laputopu siionekera ngati chida cha MIDI pokhapokha mutaisokoneza ndi zina. Funsani Leonardo kapena Pro Micro, zomwe zili ndi ATmega32U4. Zimenezi mukaziikira library ya MIDIUSB, code yolembedwa kale yotumizira MIDI, laputopu imaziona ngati kiyibodi wamba yoimbira. Pro Micro ili ndi vuto limodzi lodziwika: polowetsera chingwe cha USB pamathothoka msanga. Pamateni ndi guluu wolimba, chingwecho muchimangirire ku bokosi kuti wina akachikoka ndi phazi mphamvu isafike pa kabolodiko. Teensy, bolodi ina yofanana ndi Arduino, ndi yabwino koposa, moti imatha kutulutsa mawu payokha popanda laputopu, koma ndi yodula ndipo kuno muyenera kuitanitsa. Muidzere pa chida chachiwiri.

Popeza ndinu woomba ng'oma, malo omenyawo ndiwo mtima wa chida chanu, ndiye apa ndichedwepo. Mufunika ma piezo, tizitsulo tozungulira tija timalira muziwiya zina zamagetsi. Kapiezo kakagwedezeka kamatulutsa magetsi, ndipo mukamenya mwamphamvu kamatha kutulutsa oposa ma volt 5 omwe Arduino imapirira. Choncho pakati pa mawaya ake awiri ikani resistor ya 1 megaohm, muonjezere zener diode ya 5.1 V kuti iteteze bolodi. Kapiezoko musakamenye mwachindunji. Kamateni pansi pa kathabwa kapena kachitsulo kopyapyala, pamwamba muphimbe ndi mphira ya chubu cha galimoto, pansi muike siponji. Siponjiyo musaiderere, chifukwa popanda iyo mukamenya malo amodzi oyandikana nawo amamva kugwedezeka n'kulira nawo.

Mu pulogalamu ya Arduino muli mfundo zitatu zimene zimasiyanitsa ng'oma yomvera dzanja ndi yosamvera. Ikani malire, kuti kugwedezeka kwa tebulo kapena kwa sipika kusawerengedwe ngati kumenya. Malirewo akadutsidwa musatumize uthenga pomwepo: dikirani ma millisecond awiri kapena atatu mukuwerenga, mutenge nambala yaikulu kwambiri, ndiyo mphamvu yeniyeni ya dzanja. Mukatumiza, malowo akhale ogontha kwa ma millisecond pafupifupi 30, apo ayi kumenya kamodzi kumveka katatu. Nambala zimenezi muzisintha nokha mukumvetsera, chifukwa dzanja la munthu wozolowera ng'oma yachikopa ndi lolemera kuposa la woimba kiyibodi.

Zopotokola ndi zosavuta. Gulani ma potentiometer olembedwa B10K. Arduino imawawerenga kuyambira 0 mpaka 1023, mukagawa ndi 8 mupeza 0 mpaka 127. Nambalayo imanjenjemera ngakhale musanagwire, ndiye muzitumiza pokhapokha yasinthadi.

Kumbali ya laputopu, yambani ndi FL Studio yomweyo kuti muone msanga kuti bokosi likugwira. Kenako phunzirani Pure Data, pulogalamu yaulere yomwe Miller Puckette anayamba kulemba cha m'ma 1996. Mumalumikiza timabokosi ndi mizere pa sikirini, ndipo imayenda bwino ngakhale pa laputopu yakale. Max ya Cycling '74 ndi mbale wake, yokongola kuposa iyo, koma ndi yolipira. SuperCollider ndi yaulerenso, kungoti imafuna munthu wokonda kulemba code.

Chomwe ndikukankhirani ku Pure Data ndi nkhani ya mbira. Pafupifupi kiyibodi iliyonse yakusitolo imagawa octave m'magawo 12 ofanana. Mbira siinachunidwe choncho. Pali machunidwe a nyamaropa, a gandanga, a dambatsoko, ndipo ngakhale mbira ziwiri za nyamaropa zochokera kwa amisiri osiyana sizifanana ndendende. Mukaika synth yakusitolo pambali pa mbira yanu, zimalimbana, ndipo anthu amafulumira kunena kuti mbira ndiyo yasokonekera pomwe ilibe mlandu. Mu Pure Data mumalemba nokha kuti kiyi iliyonse ilire pa ma hertz angati. Jambulani mbira yanu kiyi imodziimodzi m'chipinda chopanda phokoso, muyeze ndi sigmund~, kabokosi ka mu Pure Data koyeza ma hertz a mawu, mulembe nambalazo, bass yanu ndi zina zonse zitsate mbirayo. Kunjenjemera kwa tizivindikiro ta mabotolo pa deze, chikho chomwe mbira imakhalamo poimba, musakuchotse pojambula, ndi mbali ya nyimbo. Kayendedwe nakonso n'kena: nyimbo zambiri za mbira zimazungulira pa kugunda 48, zigawo zinayi za 12, pamene FL Studio mukaitsegula imakupatsani timabokosi 16. Sinthani zimenezo musanayambe. Muikenso batani la phazi loti muziponda motsatira wa hosho (maseche otsagana ndi mbira), makina atenge liwiro kwa munthu. Mu Pure Data mulinso bonk~, yomwe imamva kumenya kudzera pa maikolofoni, moti ng'oma yanu yachikopa ikhoza kumayendetsa mawu a mu kompyuta osaimata kanthu.

Ife a kuno tili ndi mwayi pamenepa. Mu 2020 UNESCO inalemba luso lopanga ndi kuimba mbira ndi sansi ngati chuma cha Malawi ndi Zimbabwe pamodzi, ndipo inu mwabadwira pakati pa ziwirizo. Ngati kwanu kuli agogo amene akadali ndi sansi, kaijambuleni iwo akadalipo, muwafunse ndi nyimbo zake. Koma pa ng'oma za Gule Wamkulu ndikupempheni: mbalule ndi zinzake zili ndi eni ake, musakazijambule mobisa n'kukaziika mu kalabu. Pitani kwa akuluakulu mukapemphe, akakana mulemekeze.

Chimene chingakufooketseni ndi kuchedwa kwa mawu. Mukamenya, mawu n'kubwera mochedwa kupitirira ma millisecond 10, dzanja la woomba ng'oma limamva ndipo limayamba kukoka. Pa Windows gwiritsani ntchito ASIO, driver yomwe imachepetsa kuchedwa kwa mawu. Ngati mulibe sound card yakunja, ASIO4ALL ikuthandizani poyambira. Buffer, kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu tomwe kompyuta imasonkhanitsa isanatitulutse, ikhale pa 128, yomwe pa 48,000 Hz ndi yosakwana ma millisecond atatu. Mawu akamathetheka kwezani pa 256. Madola mumasungira chida cha ku Johannesburg aja ndi bwino apite ku sound card ya USB, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito.

Raspberry Pi ndaiika pambuyo chifukwa cha magetsi athu. Ilibe batire, ndipo magetsi akathima ikulemba pa memory card, khadilo limatha kuwonongeka, chida chonse osayakanso. Potulukira mawu pake si pabwino, ndipo Pi 5 ilibe n'komwe, ndiye sound card mugulabe. Laputopu ili ndi batire yake, magetsi akachoka jenereta isanalire inu mukuimbabe. Mukamva kung'ung'udza m'masipika, zulani chaja muone. Kukasiya, vuto ndi ground, ndipo DI box, kabokosi kolekanitsa ground, pakati pa inu ndi mikisa imathetsa zimenezo.

Bokosi likhale la thabwa lolimba kapena chitsulo. Amisiri a ku Siyaso ku Mbare akupangirani mukawapatsa miyezo, ndipo anyamata okonza mafoni ku Gulf Complex ndi akatswiri pa soldering iron ngati dzanja lanu lisanazolowere. Breadboard, bolodi yongotsomeka mawaya osawotcherera, ndi yoyeserera kunyumba basi, mu kombi mawaya ake amazuka. Muike batani limodzi lofiira patali ndi ena, lotumiza CC 123, uthenga wa MIDI wozimitsa manoti onse, chifukwa tsiku lina noti idzakanirira pakati pa nyimbo. Foni yokhala ndi nyimbo zanu ikhale yolumikizidwa kale ku mikisa pa chingwe chake.

Chikagwira ntchito, lekani kuchisintha. Apa ndi pomwe ambiri amagwera, chifukwa kuonjezera batani n'kokoma kuposa kuyeserera nyimbo yomweyo tsiku ndi tsiku. Michel Waisvisz wa ku STEIM, komwe ankapanga zida zoimbira zamagetsi ku Amsterdam, anapanga chida chovala m'manja chotchedwa The Hands mu 1984, ndipo anaimba nacho zaka zoposa makumi awiri, akuchisintha mwa apo ndi apo kuti zala zichidziwe. Inu dzipatseni miyezi itatu osakhudza waya kapena code. Maganizo atsopano muzilemba m'kabuku, adzalowe m'chida chachiwiri. M'miyezi imeneyo muziyeserera ndi munthu wa hosho kapena wa gitala, muli chiimire, tebulo lotsika kuti anthu aziona manja, laputopu ili pambali.

Tiuzeni mtundu wa laputopu yanu, Windows yake, ndi machunidwe a mbira yanu. Mujambulenso pepala lija mwalembapo zochita za manja mulitumize pano, tikuthandizeni kuwerengera zida zoti mugule.