Kwa achemwali amene afunsa za ndalama zosonkha: tizipereka kuti?

Achemwali, mwanena kuti gulu lanu la amayi a ku Kamuzu Road mwagwirizana zomasonkha ndalama mwezi ndi mwezi zothandizira ovutika, koma mwagawanika. Ena akufuna muzigula katundu n'kumakagawa nokha, ena akuti muzipereka ku bungwe. Ndiyankha motalikirapo chifukwa ife tinadutsamo momwemo, ndipo ndalama zina zinalowa m'madzi tikuona.

Ife tilipo amayi 20 konkuno ku Salima. Ambiri ndife a geni ya nsomba ndi mpunga, ena ndi aphunzitsi. Timapemphera kosiyana, ena a Chigwirizano, ena Achikatolika, ena a Dawa, ndipo zimenezi sizinatisokonezepo. Aliyense amaponya K5,000 pamwezi. Ndalama imeneyi mukaigwira nokha siioneka, koma pamodzi imakwana K100,000, pachaka K1,200,000.

Chaka choyamba tinkangomwaza. Mwezi uno shuga ndi sopo kwa odwala, mwezi winawo zitenje kwa agogo, kenako makope. Sindikunyoza ayi, kuona odwala ndi ntchito yabwino ndipo timapitabe. Koma chaka chitatha tinafunsana kuti chasintha n'chiyani, ndipo aliyense anangoti zii. Choipitsitsa, panabwera bambo wina wolankhula bwino, ali ndi kalata ya chidindo, akuti ali ndi bungwe losamalira ana amasiye. Tinamupatsa ndalama za miyezi iwiri. Titapita kukaona, tinapeza chikwangwani chokha ndi chitseko chokhoma. Anthu oyandikana nawo anati ana sanawaonepo pamalopo. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa pa ndalamazo panali za mayi wina amene amagulitsa mandasi.

Ndiye maganizo anga ndi awa: sankhani gulu limodzi laling'ono limene likugwira kale ntchito m'dera mwanu, mukalione ndi maso anu, ndipo mukhale nalo kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo. Osayambitsa bungwe lanulanu, osathamangiranso mabungwe akuluakulu a magalimoto. Iwo ali ndi owathandiza awo, K100,000 yanu sangaimve n'komwe. Koma sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi, kapena mother group ya pa pulayimale imene imalondola atsikana osiya sukulu, ndalama yomweyo imawafikitsa patali.

Ife tinasankha sukulu ya mkombaphala ina cha kwa Maganga. Tisanapereke kanthu tinapitako katatu, ndipo kawiri sitinawauze kuti tikubwera. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukalengeza, mupeza pabwalo posesa, ana atasonkhanitsidwa, nyimbo zili pakamwa. Pitani Lachiwiri m'mawa mwakachetechete. Onani ngati moto wayaka, werengani ana amene alipo, mupemphe kaundula muone ngati mayina akugwirizana ndi mitu imene mukuiona. Funsani kuti amasunga ndalama ndani, ndipo thandizo lomaliza limene analandira linagwira ntchito yanji. Anthu oona sakwiya ndi mafunso amenewa, amakutulutsirani kope, ngakhale lothimbirira. Amene ayamba kuzungulira kapena kunena kuti mabuku ali ndi a tcheya amene achokapo, tsanzikani bwinobwino muzipita.

Kenako pitani kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija ya VDC, mukamve mbiri yawo. Ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC amakhala ndi ndandanda wa magulu a m'midzi ndi sukulu za mkombaphala, ndiye funsani ngati akuwadziwa. Likakhala bungwe lodzitcha NGO, liyenera kukhala lolembetsedwa ku NGORA, ofesi yoyang'anira ma NGO imene kale inkatchedwa NGO Board, choncho pemphani satifiketi yake. Tikanachita zimenezi kwa bambo uja sitikanalira.

China chimene tinaphunzira mochedwa ndi kufunsa eni ake chimene akusowa. Ife tinapita ndi maganizo a zidole ndi mayunifolomu. Alezi a ana anatimvetsera mwaulemu, kenako mmodzi anati vuto lawo ndi phala. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, m'nkhokwe mukatha, makolo amalephera kusonkha ufa, phala likasowa ana sabwera, sukulu imatsekeka yokha. Chachiwiri chinali chimbudzi ndi ndowa yosambira m'manja. Aliyense akukumbukira mmene kolera inativutira kuno kunyanja mu 2022 ndi 2023, ndiye sitinatsutse. Chachitatu anachinena mwamanyazi: iwo amagwira ntchito mongodzipereka, salandira kanthu, moti nthawi yolima ena amasiya n'kupita kukagwira ganyu. Tinagwirizana zomawapatsa sopo ndi kangachepe mwezi uliwonse. Amayi ena pagulu pathu anadandaula kuti ndalamazo n'za ana, osati za akuluakulu. Ine ndinaima nji, chifukwa mlezi akachoka palibe wophika phalalo, palibenso wophunzitsa.

Pa kasungidwe ka ndalama, musasakanize ndi za banki mkhonde. Thumba ladzidzidzi la ku banki mkhonde ndi la mamembala pa maliro ndi matenda, pamene thumba la zosonkhali ndi la anthu ena, ndipo lisakongozedwe kwa wina aliyense, ngakhale atalonjeza chiwongoladzanja. Ngati mukutumizirana pa Airtel Money kapena Mpamba, msungichuma aziika uthenga wa ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka pa gulu lanu la WhatsApp tsiku lomwelo. Zikachuluka tsekulani akaunti ya osayinira atatu. Komanso musazisunge nthawi yaitali. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalama imene tinkasungira simenti inangosungunuka m'manja. Panopa timagula chimanga ndi soya nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni mitengo isanakwere, n'kusunga m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, kuti anankafumbwe asalowe.

Timasiyako gawo limodzi mwa magawo khumi la ngozi. Madzi atasefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024, thumba limeneli ndi limene linatithandiza kutumiza ufa kwa abale athu a ku Nkhotakota osakhudza phala la ana.

Posankha kothandiza, mayi aliyense akhale ndi voti imodzi, kaya ndi mkazi wa bwana kaya wogulitsa tomato. Amene ali ndi m'bale m'gulu limene likuganiziridwalo anene poyera ndipo asavote nawo. Za zithunzi, chonde, ana a eni ake musawaike pa Facebook atanyamula mbale. Jambulani matumba, chimbudzi ndi malisiti, zimenezo n'zokwanira kwa amene anasonkha.

Ngati gulu lanu lingakonde, ndilembereni ku inbox. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi, ndipo awiri kapena atatu mwa inu mutha kubwera kudzaona kope lathu la ndalama ndi mmene timalembera. Mwezi wamawa tikupita kukayeza ufa wotsala ku sukulu kuja, mukhoza kutsagana nafe.